Supuni Yakhumi ya a Marj Treloar

A Marj Treloar ndi mayi wa zaka 78, wamfupi, wosachedwa kukalipa, ndipo ndi amene amakonza masangweji ku kalabu yathu ya mpira wokunkhuniza pa kapinga. Ine ndine Des. Ndimagulitsa mowa kumeneko, komanso ndine amene ndimalemba mayina a akatswiri ndi penti wagolide pa bolodi la pakhoma. Pabolodipo pali dzina la malemu amuna awo, a Clarrie, amene anatengapo chikho cha kalabu. A Marj eniake mpira sautha. Akangoti aponye, anthu amakweza miyendo.

Koma pali chinthu chimodzi chimene palibe angawapose. Chaka chilichonse, Lachiwiri loyamba la Novembala, tsiku la mpikisano wa mahatchi wa ku Melbourne, timachita maere. Aliyense amaponya madola awiri, n'kupisa dzanja m'chipewa, n'kutulutsa kapepala ka dzina la hatchi. Amene hatchi yake yapambana amatenga ndalama zambiri, ndipo amene yake yatsalira kumbuyo kwenikweni timamupepesa ndi supuni yamtengo. A Marj anatenga supuniyo zaka zisanu ndi zinayi zotsatizana. Sindikunama ayi! Hatchi ikangogwera m'manja mwawo, kaya ndi ya ku Ireland kaya ya ku France, imayenda ngati ng'ombe yokhuta.

Chaka chatha wapampando wathu, a Wal Kinsella, mowa utawalowa, analonjeza kuti ikakwana supuni yakhumi, dzina la a Marj lidzalembedwa pabolodi, pa kampata kamene kali pambali pa dzina la amuna awo. Tonse tinafa nacho chiseko. A Marj okha sanaseke. Anandikokera m'khitchini, mmene anapachika masupuni awo onse.

"Iwe Des, kampata kamene kaja usapatse munthu," anatero. "Clarrie wakhala yekha pakhomapo zaka khumi ndi ziwiri."

Ndiye chaka chino, ine ndi phuma langali, ndinalemberatu dzinalo Lolemba n'kuphimba bolodi ndi nsalu ya patebulo. Ndinkati zatha kale, tsoka la a Marj silinatigwiritsepo mwala.

Lachiwiri anabwera atavala chipewa chawo cha nthenga zofiirira, chomwe amati ndicho chimatopetsa mahatchi. Anapisa dzanja m'maere, n'kutsegula kapepala, nkhope n'kugwa. Inali hatchi ya ku Japan, imene nyuzipepala zonse zinkati palibe yoigwira.

"Mayo ine! Wal, tisinthane."

"Malamulo ndi malamulo, a Marj. Zagwa zatha."

"Malamulo ake ati, iwe munthu wobera ngakhale pa njuga ya azimayi a kutchalitchi?"

A Wal anangotafuna mwendo wa nkhuku.

Itakwana 3 koloko, tonse tinaunjikana pa kanema. Mahatchi atangonyamuka, ya ku Japan ija inatsalira kumbuyo kwa onse. A Marj anavina, ndithu anavina, nthenga zili petupetu.

"Eya, mwana wabwino! Pang'onopang'ono, wachokera kutali iwe, usadzipweteke!"

Koma atafika pokhota pomaliza, wokwerayo anawerama, hatchi ija n'kuyamba kudutsa zinzake, imodzi, ziwiri, zisanu. Kalabu yonse ikukuwa kuti "Thamanga!", munthu mmodzi yekha ankakuwa zina.

"Ima iwe! Ukuthamangira chiyani, kwanu kwapsa nyumba? Iwe kamunthu ka pamsana, koka chingwe! Ulibe amako kodi?"

A Marj anavula chipewa n'kuyamba kumenya nacho kanema. Sizinathandize. Hatchi ija inadutsa zonse n'kupambana, osatuluka n'thukuta lomwe.

Anthu anaombera m'manja a Marj, wina n'kuwathirira shampeni, a Wal n'kuwapatsa envulopu ya madola makumi atatu. Supuni inapita kwa mlimi wina wa nkhosa amene sankadziwa n'komwe kuti ndi yachiyani, moti anatakasira tiyi. Kunena zoona, zinandiwawa mumtima. Ndinawatenga a Marj kupita nawo kubolodi, n'kuchotsa nsalu ija.

"Taonani, lalembedwa kale," ndinanong'ona. "Tingolisiya. Adzawerenge masupuni ndani?"

Analiyang'ana nthawi yaitali, MARJ TRELOAR, likunyezimira pambali pa la amuna awo. Anatambasula dzanja n'kukhudza chilembo choyamba. Kenako anandiwomba pachifuwa ndi envulopu ija.

"Kagule mankhwala ofufutira penti. Clarrie sanalowe pamenepo mwachinyengo, ndiye ine ndikhale naye pafupi ndi bodza? Angandifunse, iwe. Tiyambiranso chaka chamawa, kuchokera pa supuni yoyamba."

"A Marj, zaka khumi zinanso? Mudzakhalatu ndi 88."

"Ine ndilibe vuto. Iweyo ndi amene usiye fodya, chifukwa palibe wina wodziwa kulemba bwino m'tauni muno."

Ndinafufuta Lachitatu m'mawa, iwo ataima kumbuyo kwanga kuonetsetsa kuti sindinasiye ngakhale kadontho. Kampata kaja kalipobe, ndipo chipewa cha nthenga anachitaya m'bini kuti chatha mphamvu. Fodya ndinasiya sabata yomweyo.