Filimu Yoopsa Imene Holo Yonse Inaseka

Inu amene munagwirapo ntchito ndi mtima wanu wonse anthu n'kukusekani, senderani pafupi. Nkhani iyi ndi yanu.

Tsiku limene Dayirekita anaonetsa filimu yake yoyamba, anthu m'holo anafa nalo phwete. Vuto lake n'lakuti filimuyo sinali yoseketsa. Inali filimu yoopsa.

Ngakhale dzina loti Dayirekitalo linali lachipongwe. Mtsikanayu ankajambula maukwati ndi kamera yogula kwa munthu, yomanga ndi mphira pa batire. Atangonena kuti akupanga filimu, anthu a mumsewu mwawo anayamba kumupatsa moni wonyogodola: "A Dayirekita, mwadzuka bwanji?" Iye ankayankha osagwetsa nkhope, mpaka dzinalo linamukanirira.

Holo inali yobwereka, ya denga lamalata, mazenera atatseka ndi makatoni. Sipika inali imodzi, yong'ambika, ikulira ngati ntchentche yotsekeredwa m'botolo, kunjaku jenereta ikubangula. Pa chinsalu panaoneka mayi wokalamba, wamfupi, tepi yoyezera zovala ili m'khosi, akuyandikira mtsikana wina chakumbuyo. Milomo yawo inkagwedera, koma mawu osamveka.

"Agogo, kwezani mawu, sitikumva!" anakuwa wina kumbuyo.

Basi, holo inaphulika. Ndipo amene anaseka koposa onse anali mlamu wake weniweni, mkazi wa achimwene ake, mpaka kupukuta misozi ndi mpango.

Dayirekita anaima pafupi ndi chitseko, mtima ukuwawa ngati wathiridwa tsabola. Agogo amene ankasekedwawo anali amayi ake, ndipo anali atamwalira filimuyo isanathe kukonzedwa.

Amayiwo anali telala, munthu wofatsa mopitirira muyeso. Kasitomala ankatha kubwera mochedwa, kuwalalatira, iwo n'kumupepesa. Ankanena okha kuti, "Ine ngakhale mphaka sandithawa." Ndiye tsiku lina mwana wawo akudandaula kuti akusowa munthu wosewera mzukwa, iwo anaimitsa makina, n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mzukwawo ndine," anatero. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikupepesa anthu ondilakwira. Kamodzi kokha, mwanangu, anthu andiope."

Nkhani ya filimuyo inali yachidule. Mtsikana wina achita lendi chipinda chimene munkakhala telala amene anamwalira. Dzuwa likafika paliwombo, makina osokera ayamba kusoka okha. Kenako mtsikanayo amva munthu akung'ung'udza kanyimbo kumbuyo kwake, tepi ikukhwekhwereza pansi, ndi mawu a kunong'ona: "Imani bwino ndikuyezeni." Chovala chimene akusokeredwacho ndi choti akagone nacho m'bokosi la maliro.

Filimuyo anaijambula masana okhaokha chifukwa magetsi ojambulira analibe. Mawu anajambula padera, poti nthawi imeneyo matenda anali atawafooketsa amayi moti mawu awo sankafika patali. Choimikira maikolofoni panalibenso. Dayirekita anangotenga timaikolofoni tiwiri timene ankakoleka pa kolala ya akwati, n'kutimata ndi selotepi pa makutu a chidole choyezerapo zovala. Amayi anazungulira chidolecho akukoka mapazi, akuchinong'oneza ngati kasitomala. Akatopa ankapuma atatsamira makina, n'kuyambiranso.

Mawa lake la chipongwe cha m'holo chija, kunyumba kunafika a Bigimani. Awa anali mkulu wogula mafilimu kwa anthu ovutika n'kumawagulitsa m'dzina la kampani yawo. Anakhala pampando miyendo ili tang'a, makiyi a galimoto akuwazunguza pachala.

"Chemwali, dzulo ndinalipo. Muli ndi golide, koma simukudziwa," anatero. "Ndigulitseni. Ndili ndi munthu wanga wanthabwala, aikamo mawu ake pamwamba pa agogowo. Anthu adzathyoka nthiti."

"Nanga mawu a amayi anga?"

"Tifufuta. Amamveka ngati?"

Kunena zoona, ndalama ankaifuna. Maukwati anali atachepa, nsapato zake zitayamba kumwa madzi. Achimwene ake anamukokera pambali n'kumuuza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, alandire basi. Koma iye anaganiza za kamwa la amayi ake likuyankhula zopusa za munthu wina, anthu akugubuduka ndi kuseka chaka ndi chaka. Komanso mawu amenewo ndi okhawo amene anatsala nawo. Sanawajambulepo pena paliponse.

"Bwana," anatero, "amayi anga sanadzuke pabedi la matenda kuti adzaseketse anthu. Filimuyi ndi yoopsa, ndipo ikhala yoopsa."

A Bigimani anaseka, n'kudzuka. "Njala ikakupanani, nambala yanga mukuidziwa."

Musaganize kuti kukana kunabweretsa mwayi pompo. Ayi ndithu! Dayirekita anayenda mpaka mapazi kuchita matuza. Kwa ogulitsa zimbale anamufunsa kuti, "Mzukwa wa masana? Unauonapo kuti?" Ku nyumba ina youlutsa zithunzi anamusiya pabenchi mpaka mlonda anamuuza kuti mabwana anatulukira khomo lakumbuyo. Kuukwati, akuwerama kuti ajambule keke, ankamva wina akunong'ona: "Agogo, kwezani mawu."

Chimene chinkamupweteka kwambiri n'chakuti anayamba kudzikayikira. Pokonza filimuyo pa laputopu, mahedifoni ali kukhutu, thupi lake lonse linkachita tsembwe. Tsopano anayamba kuganiza kuti mwina chinali chisoni chabe, poti anali mawu a amayi ake. Anatseka laputopuyo n'kuikankhira pansi pa bedi.

Ndiye tamverani mmene zinthu zinatembenukira.

Mlamu wake uja anali ndi saluni, kachipinda kopanikizana pakati pa wowotcherera zitsulo ndi wogulitsa matayala. Tsiku lina anabwera ndi foni m'manja.

"Alamu, tandiikireni filimu ija ya apongozi anga. Makasitomala akasowa ndizichotsera tulo, ndisekeko."

Dayirekita anamva magazi akuwira. Koma anatulutsa laputopu, n'kumuikira. "Tengani. Mukaseke mpaka mukhute."

Dzuwa lili paliwombo, anamva mapazi akuthamanga pakhonde. Chitseko chinatseguka ndi mphamvu. Anali mlamu, patapata imodzi kuphazi, chipeso chili m'tsitsi, akupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu.

"Alamu! Apongozi andinong'oneza!"

"Mukuti chiyani?"

"Khutu ili, lakumanzereli! Wazitsulo uja amasokosa, ndiye ndinavala mahedifoni. Ndinamva makina akusoka uko, kenako tepi ikukhwekhwereza kumbuyo kwanga, ikuzungulira, ikuzungulira. Kenako mpweya wawo pakhosi panga pano: 'Imani bwino ndikuyezeni.' Mayo ine! Ndatembenuka, mulibe munthu. Saluni ndaisiya chitsegukire!"

"Simunaseke?"

"Kuseka? Foni ndaiponya m'beseni la matawulo, mukatenge nokha!"

Dayirekita anakhala pansi pang'onopang'ono. Tsopano anamvetsa. Timaikolofoni tija tinamva ngati mmene makutu a munthu amamvera, kumanja ndi kumanzere, pafupi ndi patali. Wovala mahedifoni ankaima pamene panaima chidole chija, amayi n'kumamuzungulira iyeyo. Sipika yong'ambika ya m'holo inameza zonsezo. Komanso anthu akakhala gulu amalimbitsana mtima, mmodzi akaseka onse amabisala m'phwete lakelo. Filimu yake inali yofuna munthu mmodzi ndi makutu ake awiri.

Anaseka kwa nthawi yoyamba chimwalirireni amayi, misozi ikutsika. Kenako anati, "Holo ayi. Chimbale ayi. Filimuyi ndiigulitsa pa intaneti, aliyense azichita dawunilodi pafoni pake."

Sizinali zophweka. Sankadziwa kutsegula tsamba logulitsirapo, anaphunzira mogwa n'kudzuka. Filimuyo inali yolemera, yomaliza bandulo ya munthu isanafike n'pakati pomwe. Anaichepetsa, mawu n'kuwonongeka. Anayambiranso. Pomaliza analola kuti zithunzi zifooke pang'ono, koma mawu a amayi sanawakhudze ngakhale pang'ono. Munthu ankalipira pafoni, n'kulandira linki. Pa tsambalo anaika nkhope ya amayi, tepi ili m'khosi, ndipo pansi pake analemba kuti: "Munaseka muli gulu. Onerani muli nokha, mahedifoni kukhutu, tione."

Sabata yoyamba anagula munthu mmodzi, achimwene ake, mwina chifukwa cha manyazi.

Wina akanagwa mphwayi. Iye anatenga foni, mahedifoni ndi kansalu kopukutira, n'kupita kumene anthu amatopa ndi kudikira: pa siteji ya basi, pa mzere wa kubanki, pa benchi la ometa.

"Achimwene, ndinu olimba mtima? Tamverani kachidutswa aka, n'kaulere."

Ambiri ankamukana. Ena ankamuzindikira n'kuyamba kumuseka. Iye ankangowapatsa mahedifoni. Ndiye ankaonerera nkhope ikusintha: kumwetulira kukuzilala, mapewa akukwera, kenako munthu uja n'kutembenuka mwadzidzidzi kuyang'ana kumbuyo. Pomwepo Dayirekita ankaimitsa filimu.

"Aaa, chemwali, kenako chinachitika n'chiyani?"

"Linki ndi iyi."

Kondakitala wina wamatama, amene anayamba ndi kunena kuti iye saopa ngakhale mkango, analumpha mpaka kugunda mutu pachitseko cha basi. Dayirekita anamupempha kuti amujambule akuoneranso, iye anavomera, ndipo kavidiyo kameneko kanayenda m'mafoni ngati moto wa kuthengo. Anthu anayamba kubetcherana. Foni ya Dayirekita inayamba kulira pafupipafupi, mpaka anaichotsa mawu kuti azitha kujambula maukwati mwamtendere.

Akuba nawo sanachedwe. Ena anayamba kupatsana filimuyo ulere, ndipo zinamuwawa kwambiri. Koma mlamu uja, amene tsopano anali wotsatsa malonda wamkulu ndipo kasitomala aliyense wa m'saluni ankamuveka mahedifoni asanamuluke, anabwera ndi nzeru.

"Alamu, lembani koyambirira kuti: 'Woonera filimuyi osalipira, agogo adzabwera kudzamuyeza.'"

Analemba mongocheza. Koma taonani, anthu ena amene anaonera yakuba anayamba kulipira pambuyo pake. Wina anatumiza ndi uthenga womwe: "Ndalipira, chonde auzeni asabwere." Mauthenga ena ankachokera kumayiko amene Dayirekita sanapondeko, kwa anthu osamva n'chinenero chomwe, koma kunong'ona kuja anakumva bwinobwino.

Tsiku lina masana, galimoto inaima pakhomo. A Bigimani analowa, ulendo uno makiyi ali m'thumba.

"A Dayirekita," anatero, ndipo m'mawu mwawo munalibe chipongwe. "Tiyeni tigwirizane. Ndiitengere m'maholo akuluakulu, dzina lanu pamwamba."

"Ndi munthu wanu wanthabwala uja?"

"Zija zisiyeni. Mawu asakhudzidwe."

"Mwawamva tsopano?"

A Bigimani anakanda pachibwano. "Ndinachita dawunilodi. Ndinalipiranso, musandiyang'ane choncho."

"Zikomo, bwana, koma filimuyi si ya m'holo, ndipo mwini wake ndine. Amene akuifuna, linki ndi yomweyo. Khalani pansi, ndikupatseni madzi."

Anawakokera mpando womwe uja anakhalira tsiku loyamba. Koma a Bigimani anaima chiimire. Maso awo anali pakona, pamene panali makina osokera atafunditsidwa nsalu, ndi chidole chija, zipsera za selotepi zikuonekabe m'makutu.

"Makinawo ndi omwe aja?"

"Omwewo."

Bambo wamkulu uja, wa galimoto ndi kampani, ananyamula mpando n'kuutembenuza kuti asafulatire makinawo. Madzi anamwa theka. Potuluka anayenda chammbali ngati nkhanu, diso limodzi lili pakona.

Galimoto itapita, Dayirekita anavundukula makina aja, n'kuika dzanja pa gudumu lake lozizira.

"Amayi, mwaona?" anatero. "Akukuopani."

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina nanunso anakusekani. Mwina pakhomo panu paima kale a Bigimani anu, akukuuzani kuti mufufute chimene chili chamtengo wapatali mu ntchito yanu kuti igulike msanga. Musavomere. Nthawi zina ntchito imakhala ilibe vuto, vuto ndi holo imene mwaionetseramo ndi sipika yake yong'ambika. Nyamulani ntchito yanuyo, muipititse kwa munthu mmodzi, kenako wina, mpaka ifike pa khutu loyenera. Osekawo asiyeni aseke, mano ndi awo. Inu osataya mtima.