Chitsekerero cha Kiyi

Chaka chimene ndinkayendetsa pikapu ya pa esiteti ina ya fodya ku Lisasadzi, manijala wathu anali mphwake wa mwini munda. Mwini mundayo anali wamkulu m'chipani, ndipo maphunziro a manijala pa zaulimi anathera pomwepo. Ankalowa m'bani yowotchera fodya atavala tayi, n'kununkhiza tsamba la fodya ngati sopo wosambira, kenako n'kutuluka akutsokomola.

Pikapuyo inali yakale koma yomvera. Inayamba kuvuta nyengo yotuta nkhuni zowotchera fodya. Inkanyamuka bwinobwino, koma ikangopitirira mlatho inkayamba kudukiza, n'kuzima. Ndikaidikira pang'ono pamthunzi inkalira, n'kukazimanso patsogolo.

"Ndi kabuleta," anatero manijala, boneti asanatsegule n'komwe. Mawu amenewa ankawakonda kwambiri, ankawatchula mokweza kuti matenanti amve.

Anaimasula kabuletayo yekha pakhonde la ofesi, atayala nyuzipepala, buku lachingerezi lili pambali. Tinamuonerera tsiku lonse munthu wamkulu akukwawa m'fumbi kufunafuna kasipuling'i kamene kanamuthawa. Atabwezera zonse panatsala timabawuti tiwiri, ndipo anatiponya m'thumba la jekete mwakachetechete. M'mawa mwake galimoto inazima pamlatho pomwe paja.

Apa anasintha nkhani. Akuti wina ankapopa petulo n'kuthiramo madzi. Mlandu unagwera mlonda, bambo wachikulire wa kwa Mwase amene ngakhale njinga sankatha kupalasa.

"Bwana, thankiyo mumakhoma nokha," anatero mlondayo, chipewa chili m'manja. "Ine ndingatsegule ndi chiyani?"

"Ukundiyankha? Ukudziwa mwini galimoto imeneyi?"

Masana omwewo kunabwera anyamata a chipani, n'kupita naye ku Boma. Manijala anawauza kuti munthuyu akusokoneza chitukuko. Masiku amenewo mawu oterowo sankafuna umboni.

Ine ndinayamba kufufuza ndekha. Sefa inali yoyera. Petulo amene ndinatsitsira m'botolo analibe ngakhale dontho la madzi. Pampu inkakoka bwino injini ikangolira kumene. Koma tsiku lina itazima pamlatho ndinazula paipi yochokera ku thanki, ndipo sipanatuluke kanthu, chikhalirecho thanki inali yodzaza. Ndinayamwa ndi pakamwa mpaka masaya kuwawa. Zinali ngati wina wagwira petuloyo kumbuyo.

Yankho ndinalimva ndi makutu. Mawu a mlonda aja anali oona: manijala anali atachotsa chitsekerero chakale cha thanki n'kuika china chonyezimira, cha kiyi, chimene anagula ku Lilongwe poopa akuba. Kiyiyo inkalendewera pa lamba wake. Nditangofika kuchokera kunkhuni iye anabwera kudzatsegula kuti tithire mafuta a mu diramu, ndipo thankiyo inapuma mwamphamvu, kuti fuu. Chitsekerero chakale chinali ndi kabowo kolowera mpweya. Chatsopanochi chinalibe. Petulo akamatuluka mpweya osalowa, pampu imafika potopa.

"Bwana," ndinatero, "mwina thankiyi sikupuma. Chitsekererochi chilibe bowo."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Iwe, sukulu unalekera pati?"

"Sitandade sikisi, bwana."

"Ndiye ukufuna kundiphunzitsa kuti thanki ili ndi mphuno? Kapena nawe ukufuna kukaona kumene kuli mnzako?"

Ndinati ayi. Ndinali ndi mkazi ndi ana atatu m'nyumba ya esiteti.

Patapita masiku awiri, tikuthira mafuta, manijala anaitanidwa ku foni. Anasiya chitsekerero pamwamba pa diramu. Ndinathamanga nacho kushedi, n'kuchiboola pansi pa mkombero ndi kamsomali kakang'ono, pamene diso silingaone msanga. Tsiku limenelo pikapu inapita ku Boma n'kubwerako osadukiza ngakhale kamodzi.

Manijala anasonkhanitsa antchito onse pansi pa mtengo wa bulugamu. Anafotokoza kuti kabuleta ikakonzedwa ndi munthu wodziwa imatenga masiku kuti izolowere, ndiponso kuti wakuba uja atachoka zonse zalongosoka. Tinawomba m'manja. Inenso ndinawomba, mwina kuposa ena, ndipo manja amenewo ndimawanyoza mpaka lero pafupifupi mmene ndimamunyozera iye.

Mlonda anatulutsidwa mvula itayamba, koma pantchito sanabwererenso. Ndinakumana naye pamsika wa ku Boma akugulitsa mipini ya makasu, akutsimphina mwendo umodzi. Ndinamuuza zonse, za bowo ndi za msomali. Anamvetsera mpaka kumapeto, akupala mpini ndi chidutswa cha botolo.

"Nanga bwanawo munawauza?"

"Ndinawauza kamodzi."

"Kamodzi," anatero, osadzutsa mutu. Kenako anatembenukira mayi wina amene ankafunsa ngati mipiniyo inali ya mtengo wolimba.