Dotolo Wamanjenje ndi mwendo wa a Zeka

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha dzuwa la ku Moatize. Tinali titangobwerera kwathu ku Zóbuè kuchokera ku Malawi kumene tinathawira nkhondo, ndipo mayi ankandituma kutsika ndi mbatatesi kukagulitsa kumsika. Ife akumapiri, dzuwa lakumunsi kuja limatiwotcha mpaka m'mafupa. Tsiku lina masana ndinathawira pamthunzi wa banka ina, kasitolo ka mabango, ndipo ndinangoona mabuku ali mbwee pathandala. Ndinatola limodzi la Chingerezi n'kuyamba kuwerenga kuchikuto, milomo ikugwedera.

"Iwe, ukuwerenga kapena ukupemphera?" anafunsa mwini banka.

Anali a Bonifasiyo, amene onse ankawatchula tiyu, ndiye kuti malume, bambo wamfupi wadazi, amene pankhondo ankamanga mabala a asilikali. Ndinawayankha mwamwano pang'ono kuti ndinaphunzira sukulu ya kukampu, Chingerezi sichindiopsa. Anandiuza kuti ndinene m'Chinyanja zimene ndawerengazo. Nditamaliza anangoti, "Dzina?" Ndinati Roza. "Mawa ubwere, Roza. Mbatata zako upatse wina." Ndinakagona kwa azakhali kudera la 25 de Setembro, ndipo ntchito inayambira pomwepo.

Mabukuwo sankagulitsa, ankabwereketsa. Mabuku a Chipwitikizi ankawatola m'nyumba za anthu akumgodi, a Chingerezi ankasiyidwa ndi madalaivala a malole odutsa kupita kumalire. Ambiri anali nkhani zopeka za nkhondo, za akazitape ndi za m'zipatala. Ankabwerera atada bii ndi fumbi la malasha, masamba akuthothoka, choncho ntchito yanga ya m'mawa inali kuwasoka. Ndinkasanja masamba motsatira manambala, kupana buku pakati pa matabwa awiri, kuboola m'mphepete ndi sipoko ya njinga yonola, n'kusoka ndi ulusi wochotsa m'tayala lakale. Kenako ndinkaphika phala la ufa wa chinangwa, kudontheza parafini pang'ono kuti mphemvu zisadye, kumata chikuto cha pepala la thumba la simenti, n'kutsindika ndi chidutswa cha njanji mpaka liume. Phala likachuluka buku linkachita nkhungu, ndiye tiyu ankandikalipira mpaka oyandikana nafe kuseka.

Malamulo awo anali awiri. "Munthu akafunsa kuti bukuli likunena chiyani, usamuuze za mfuti, wazimva zokwanira. Muuze kuti muli ndani." Lachiwiri linali la Loweruka: "Chimene chalembedwa ndicho unene. Usathire shuga."

Loweruka masana ndinkakhala pansi pa mtengo wa masau kuseri kwa banka, n'kumawerenga buku la Chingerezi ndikulinena m'Chinyanja. Kunkabwera amayi a pamsika ndi abambo otuluka usilikali, a mbali zonse ziwiri, okhala phewa ndi phewa koma osafunsana kuti unali kuti. Eee, anthu aja kutsutsa! Ndikafika pomenyana ankandidula: "Bodza ilo, mfuti imeneyo silira choncho!" Koma ndikafika poti msilikali wabisa nkhope kuti anzake asaone kuti akulira, kunkangoti zii, ngakhale wokazinga chimanga ankaleka kukupiza moto. Apo ndi pamene ndinamvetsa lamulo loyamba lija.

Buku limene linawagwira kwambiri linali la dokotala wa asilikali amene manja ake ankanjenjemera, moti kapu ya tiyi ankaigwira ndi manja awiri, koma akagwira mpeni manjawo ankakhazikika. Anthu anamutcha Dotolo Wamanjenje, ndipo ankamukamba pamsika ngati amakhala kuseri kwa sitesheni. Munalinso msilikali wovulala mwendo amene dotoloyo ankalimbana kuti amupulumutse.

Pakati pa omvera panali a Zeka, bambo wamtali wosalankhulalankhula, amene anabwerako kunkhondo ndi kachitsulo ka mina, bomba lokwirira pansi, m'kakolo. Bala linali litatsekuka, ankalikulunga ndi nsanza, ntchentche zikuwatsata, ndipo kuda kwa khungu kunkakwera kulowera kubondo. Tiyu anali atawauza kangapo kuti awoloke mlatho apite kuchipatala chachikulu ku Tete, apo ayi mwendowo uwatenga. A Zeka ankangoti, "Kumeneko amadula. Ine mudzandiike wathunthu." Koma Loweruka sankajomba, ankakhala pamwala wawo kutsogolo, maso pakamwa panga.

Ndinali ndi chizolowezi chowerengeratu m'mawa gawo la masana, kuti mawu ovuta asandipunthwitse pagulu. Loweruka lina ndinawerengeratu gawo la msilikali wovulala mwendo. Dotolo analephera, mwendo wa msilikali uja unadulidwa.

Ndisanapume n'komwe, anatulukira mai Luwiza, akazi awo a Zeka, amene ankagulitsa makala. Anandikokera pambali n'kundigwira dzanja.

"Mwanawe, bambo ako aja samvera ine, samvera a Bonifasiyo, amamvera dotolo wa m'buku lakoyo. Lero unene kuti mwendo unachira. Akamva choncho apita. Ndagwira mwendo wako, andifera m'nyumba."

Ndinapita kwa tiyu misozi ili m'maso, n'kuwafotokozera zonse. Ndinkayembekeza kuti akalipa, koma anapitiriza kusanja mabuku.

"Chingerezi sindichidziwa, ukanama sindikugwira," anatero. "Koma mwendo wa a Zeka ndauona, adula basi. Akadzadzuka n'kupeza palibe, amene anamuuza zochira adzakhala ndani?"

Ndinakwiya nawo kwambiri. Katundu wotere kumusenzetsa mtsikana wosoka mabuku? Masana anthu anasonkhana, a Zeka pamwala wawo, mai Luwiza kumbuyo atapinda manja. Ndinawerenga pang'onopang'ono ngati woyenda paminga, mpaka ndinafika patsamba lija. Ndinayang'ana mai Luwiza, ndinayang'ana nsanza zija, ndipo ndinanena zimene zinalembedwa. Dotolo anakhala pabedi la msilikali n'kumuuza kuti, "Mwendo sindingathe kuupulumutsa, koma iweyo ndingathe. Nanenso ndikuopa, taona manja angawa."

Mayi wina anati, "Mayo!" A Zeka anakweza mutu.

"Bwereza."

Ndinabwereza.

"Atadula anamusiya yekha?"

Ndinatembenuza tsamba n'kuwerenga kuti msilikali atatsitsimuka anapeza dotolo ali pompo pampando, ndipo anamutukwana, dotolo osachoka. A Zeka anadzuka movutikira, analavula pansi, n'kuchoka akutsimphina osatsanzika. Mai Luwiza anandiloza chala pamaso pa anthu onse.

"Wandiphera mwamuna, mwana wouma mtima iwe!"

Ndinalira kuseri kwa banka mpaka mutu kupweteka. Ndinatsimikiza kuti ndibwerere ku Zóbuè kukalima mbatata, zimene sizipha munthu. Tiyu sanandinyengerere, anangondiikira mulu wa mabuku othothoka patsogolo, ndipo ndinasoka masiku otsatirawo ndikudzibaya zala ndi sipoko.

Mkati mwa sabata ndinafika m'mawa n'kupeza banka yosatsekula. Wokazinga chimanga uja ndiye anandipatsa kiyi n'kundiuza zimene anaona. A Zeka anabwera atatsamira akazi awo, n'kuima pamaso pa tiyu. Anafunsa kuti, "Bonifasiyo, usandinamize, adula?" Tiyu anati, "Adula." A Zeka anati, "Ndikamadzuka ukhale pompo." Anakwera onse atatu galimoto ya ku Tete.

Mwendo anaudula m'munsi mwa bondo. Tiyu atabwerako anati anatukwanidwa mokwanira, mpaka makolo awo anatchulidwa, koma ankanena akuseka. Loweruka lotsatira nditatsegula buku lija, anthu anakana. "Tseka, tidikire mwini wake." Ndinaliika pansi pa chidutswa cha njanji chija, tinayamba lina.

Pa banka ija ndinagwirapo mpaka mabuku atayamba kusowa obwereka. Pambuyo pake ndinalowa ntchito yothandiza pachipatala chaching'ono kwathu kumapiri, yomasulira odwala zimene anamwino akunena m'Chipwitikizi. Achibale ambiri a odwala andikokerapo pambali ngati mai Luwiza. Ndimawamvetsa, sindiwaweruza, koma shuga sindithira. Ndimanena zimene zanenedwa, kenako ndimakoka mpando n'kukhala pompo. Zimenezi sindinaziphunzire kusukulu, ndinaziphunzira kwa bambo wadazi wobwereketsa mabuku ndi kwa dotolo amene sanakhalepo ndi moyo, ndipo onse awiri ndimawathokoza mpaka lero.

Mvula itatha chaka chimene a Zeka anadulidwa mwendo chija, Loweruka lina tinamva go, go, go, ndodo zikugunda pansi. A Zeka anatulukira atawonda, buluku atalipinda ndi pini, mai Luwiza pambuyo atasenza dengu. Mayiwo anangonditula masau odzaza chitenje changa. Anthu anapatuka, mwala uja unali wopanda munthu. A Zeka anakhala, anagoneka ndodo zawo pansi, n'kundiyang'ana.

"Roza, tenga buku lija. Ndikufuna ndimve ngati mnzanga uja anaphunzira kuyenda."