Chaka Chimene Katuni Inalowa M'nyumba mwa Achimwene

Achimwene anga ndi ometa. Anthu amawatcha a Lumo, ndipo dzinali linawakanirira moti ngakhale ine mlongo wawo nthawi zina limandipulumuka. Shopu yawo ndi kachipinda kopanikizika pakati pa wosoka nsapato ndi wogulitsa nyama. Muli mpando umodzi wozungulira, galasi long'aluka pakona, benchi ya odikira, ndi khoma lodzaza ndi katuni ya "Banja la a Tsinya" kuyambira pansi mpaka kudenga.

Katuniyi imatuluka m'nyuzipepala Loweruka lililonse, ndipo achimwene anayamba kuidula asanamere ndevu. A Tsinya ndi bambo waulesi, wa mimba ngati mtsuko, amene mkazi wake amamuthamangitsa ndi tsache. Amene amajambula sadziwika. Salemba dzina, amangojambula kantchentche pakona. Achimwene ankamulemekeza munthu ameneyu kuposa abusa. Kasitomala akanena kuti katuni ndi za ana, ankamumeta mwakachetechete n'kumusiya osamupaka spiriti. Chaka chikatha ankaima pakhoma chipeso chili m'manja n'kumaweruza kuti mwezi wakuti wojambula anali pabwino, mwezi wakuti anali ndi chimfine. Ankadziwa kuti galu wa a Tsinya akagona chagada ndiye kuti kukubwera alendo, ndiponso kuti chinsinsi chachikulu cha chaka wojambula amachisungira Loweruka lomaliza la Disembala.

Chaka chathachi ndiye ndikufuna ndikuuzeni, chifukwa mpaka lero ndikachikumbukira magazi amawira.

Mu Januwale m'katunimo munalowa munthu watsopano, wometa. Achimwene anavina. Anandiimbira foni ndili kuntchito.

"Achemwali, tafika! Tilimo m'pepala!"

Wometa wam'katuniyo anali wamtali, wokonda kukamba, ndipo ankanyambita chala asanatsegule mashini. Achimwene amachitanso chimodzimodzi, koma ananena kuti ometa onse ndi amodzi. Mu Malichi wometayo anayamba kutsimphina mwendo wamanzere. Makasitomala ankayang'ana khoma, kuyang'ana mwendo wotsimphina wa achimwene, n'kumatsokomola. Mu Meyi wogulitsa nyama anapezeka m'katunimo akukanikiza sikelo ndi chala, ndipo mnansi wathu wogulitsa nyama anakhala sabata yathunthu osapatsa munthu moni. Mu Julayi dalaivala wa m'katuni anali ndi banja lachiwiri kumapeto kwa msewu, ndipo dalaivala wina amene amameta kwa achimwene anagona masiku angapo m'basi yake. Achimwene ankangoseka chikhakhali, ati munthuyu ali ndi maso. Ine ndinawauza kuti maso alibe, ali ndi makutu, ndipo makutuwo amakhala pabenchi yawo. Ananditcha wansanje.

Kuseka kunatha mu Seputembala. Mkazi wa wometa wam'katuni anathawa ndi woyendetsa lole, n'kusiya mwana wakhanda pabedi. Izi n'zimene zinawachitikira achimwene zaka zambiri zapitazo, ndipo mtaa wonse ukuzidziwa. Koma pali china chimene ankachidziwa iwo, ine, ndi mkazi wothawayo basi: mwana anasiyidwayo si wa magazi awo. Anamulera akudziwa. Anamuphunzitsa kuyenda m'shopu momwemo, akugwira miyendo ya benchi. Amamutcha Mami, ndipo pano ndi mtsikana wamkulu, akuphunzira unamwino. Kuyambira ali wamng'ono, Loweruka lililonse Mami ndiye ankapaka guluu, bambo ake n'kumamata.

Mu Novembala khanda la m'katuni linajambulidwa ndi makutu aakulu, ofanana ndendende ndi a woyendetsa lole. A Tsinya anaima pambali akuyang'ana khandalo, kenako wometayo, kenako khandalo, osanena kanthu. Tsiku limenelo achimwene anatseka shopu masana n'kubwera kwathu, nyuzipepala itapindidwa m'thumba.

"Munauza ndani?" ndinawafunsa.

Anayamba kusisita bondo.

"Achimwene, ndati munauza ndani?"

"Munthu mmodzi yekha. Mkulu wa dazi uja."

Ndinamudziwa. Ndi bambo wofatsa, wa jekete yotuwa, amene ankabwera Loweruka n'kumapatsa anzake mpata kuti iye ametedwe pomaliza. Tinkati ndi ulemu. Ali ndi dazi pakati pamutu, ndipo ankasunga tsitsi la m'mbali kuti lizitalika n'kumalipesera pakati. Kwa zaka achimwene ankalisamala tsitsi limenelo ngati munda wa maluwa, ndipo palibe amene analiona dazilo. Tsiku lina magetsi anazima mvula ikugwa, m'shopu muli awiriwo basi. Mkuluyo anaona chithunzi cha Mami pambali pa galasi n'kufunsa za mtsikanayo. Achimwene, amene moyo wawo wonse amamva za anthu koma palibe amene amawafunsa zawo, anakhuthula zonse.

Ine ndinati tipite kunyumba kwake tikamuswere mawindo. Achimwene anati sadziwa kumene amakhala, ndipo chionekere khanda la makutu lija sanabwerenso kudzameta. Anayesa kupita ku ofesi ya nyuzipepala, koma mlonda anawabwezera pageti, ati wojambula sadziwika ngakhale kwa iye.

Apa m'pamene kuidziwa katuni kunawapweteka.

"Ndimamudziwa munthu ameneyu," anatero. "Makutu aja waika dala. Loweruka lomaliza aulula. Sanaphonyepo chaka n'chimodzi chomwe. Mami adzaziwerenga guluu ali m'manja, pamaso pa benchi yonse."

Choncho Lachisanu lomaliza la chaka anamuitana Mami, anamukhazika pampando wozungulira uja, namuuza zonse okha. Mami sanalire. Anafika kwathu ndi kachikwama, nati, "Azakhali, ndigona kuno," n'kulowa kuchipinda.

M'mawa mwake ndinathamangira kukagula nyuzipepala. Ndinaitsegula pomwepo. M'katunimo a Tsinya anali atakwera padenga kukamata pobooka, makwerero n'kugwa, iwo n'kudyera chaka chatsopano pamwamba pomwepo. Wometa munalibe. Khanda munalibe. Munthu uja anatola moyo wa achimwene, anauseweretsa miyezi ingapo, utamukwana anautaya ngati chikhungwa cha nthochi.

Ndipo anabwera, inu! Loweruka lachiwiri la Januwale analowa ndi jekete yake yotuwa, akumwetulira, kufunira aliyense chaka chabwino. Wosoka nsapato anandithamangira kudzanditsina khutu, ndipo ndinasiya zochapa m'beseni. Ndinapeza benchi yadzaza. Wogulitsa nyama analipo ndi epuloni yake, dalaivala analipo.

"Lero muyambe ndinu, bwana," anatero achimwene. "Mwadikira anzanu kokwanira."

Anamumanga nsalu m'khosi mothina pang'ono.

"Monga mwa nthawi zonse," anatero mkuluyo. "M'mbalimu osakhudza kwambiri."

"Ndikudziwa, bwana. Ine zanu ndimazisunga."

Anatembenuza mpando kuti ufulatire galasi, uyang'ane benchi. Kenako anayatsa mashini n'kuwalowetsa m'mbali momwemo, mpaka pakhungu. Tsitsi la zaka zambiri linagwera pansalu. Dazi linatuluka lonse, losalala, lonyezimira thukuta. Mkuluyo anafuna kudzuka, koma dzanja la achimwene linali paphewa.

"Khalani, bwana. Theka la mutu simungapite nalo pamsewu. Abale anga, mumafunsa kuti ntchentche ija ndi ndani. Nayi. Yakhala ikudya nafe pabenchi pomwepa."

Wogulitsa nyama anaimirira pang'onopang'ono. Dalaivala anavula chipewa n'kuchiika pabenchi. Palibe amene anamumenya, ngakhale kunena zoona ine ndinkapemphera kuti wina ayambe. Anangomuzungulira n'kumamuyang'ana, aliyense akumufunsa za mwezi wake.

"Ndi nthabwala chabe," anatero mkuluyo. "Sindinatchule dzina la munthu."

"Nanga khanda lija?" anafunsa achimwene. "Mathero ake anali otani?"

Mkuluyo anaphethira, akuganiza.

"Khanda liti?"

Sanali kunama. Anali ataiwaladi. Pamenepo ndinaona dzanja la achimwene likupita pashelefu pamene pamakhala lumo. Koma anatenga botolo la spiriti. Anamuthira m'mutu monse mpaka kutsikira m'makutu, anamasula nsalu, namutsegulira chitseko. Mkuluyo anatuluka mutu ukuwala, mbali imodzi yometa ina yosameta, ana a pamsewu akumutsatira ndi phokoso. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndikanakhala ine, ndikanachotsa ndi nsidze zomwe.

Madzulo achimwene anabwera kwathu atavala shati yoyera. Anafotokozera Mami zonse, mmene dazi linatulukira, mmene munthuyo ananjenjemerera, akuyembekeza kuti mwina aseka. Mami anamvetsera ali chiimire pakhomo la chipinda, manja atapinda.

"Ndakubwezera, Mami," anatero. "Tiye kunyumba."

"Ababa, za magazi zilibe kanthu. Amene anandisambitsa ndi kundiperekeza kusukulu ndikumudziwa."

Nkhope ya achimwene inayamba kumasuka.

"Koma ndakhala nanu zaka zonsezi, awiriwiri m'nyumba muja. Magetsi azima kangati tili limodzi? Nkhani yanga munaipereka kwa munthu wongobwera kudzameta. Ine munandiuza chifukwa choopa pepala."

Achimwene anadziponya pampando wanga.

"Akanapanda kujambula makutu aja, mukanandiuza liti?" anafunsa Mami.

Kenako analowa kuchipinda n'kukankha chitseko mosamenyetsa. Achimwene anakhala pampandopo mpaka tiyi amene ndinawathirira anazizira, ndipo anapita kwawo okha.