Mimba Yopanda Mwana

Tsiku limene anamuchotsa sukulu, mtsikanayo anabwerera kwawo ataphimba mimba ndi chikwama cha mabuku. Siketi inali itasiya kumangika. Aphunzitsi aakulu anangomuyang'ana kamodzi, n'kumuuza kuti adzabwere akabereka.

Mtsikanayo analumbira kuti sanagonepo ndi mwamuna, koma palibe anamumvera. Bambo ake anasiya kumulankhula. Akafuna madzi ankatuma mng'ono wa mtsikanayo, iye ali pomwepo. Kumtsinje, kumene ankachapa ndi kusamba kuyambira ali wamng'ono, azimayi ankamufunsa moseka kuti mwini katunduyo adzaonekera liti.

Miyezi inatha, mwana osabadwa, mtsikana akungowonda.

Kenako kunabwera azaumoyo odzayeza likodzo. Anatchinga mazenera a kalasi ina ndi nsalu, n'kuyika patebulo makina ounikira m'mimba, onyamula m'manja, oyendera batire. Anthu ankawadziwa makinawo kuti ndi oonera ana osabadwa, choncho mtsikanayo anakana kupitako. Kuima pamzerewo kukanakhala kuvomera mlandu. Azakhali ake ndiwo anamukoka dzanja, n'kukakamizanso bamboyo kuti awatsatire.

Namwino anamugoneka pabenchi, n'kumupaka mafuta ozizira pamimba. Anayendetsa kachipangizo pang'onopang'ono, maso ali pagalasi, kenako anakodola bambo aja.

"Bambo, chiberekero ndi ichi, mulibe mwana. Chatupa ndi kapamba, ndipo chiwindi chayamba kuwonongeka. Mwana wanuyu akudwala."

Atayeza chimbudzi chake anapezamo mazira a likodzo, lomwe analitenga m'madzi a mumtsinje muja.

"Achimwene, mdzukulu wanu uja mwamuona," anatero azakhali. "Dzina mumupatsa loti chiyani?"

Bamboyo sanaseke. Anawerama, anatola nsapato za mwana wawo pansi pa benchi, n'kumuveka okha.

"Mwanangu, tiye kunyumba."

Mtsikanayo analira, koma mtima unali utakhala pansi.

Kuchira kunatenga nthawi. Anamwa mankhwala, azaumoyo ankabweranso kudzamuunika, mimba n'kumaphwa pang'onopang'ono. Anabwerera kusukulu ali wamkulu kuposa onse m'kalasi, anzake akumutchabe Make Mwana. Mayeso anawalephera ulendo woyamba. Anabwereza, anakhoza, n'kukaphunzira unamwino.

Lero ndiye amene amamangirira makinawo kumbuyo kwa njinga yamoto, kulowa m'midzi yomwe galimoto sifika. Ali ndi chizolowezi chimodzi: akagoneka mwana pabenchi, amayamba waitana makolo kuti aime pafupi, adzionere okha ndi maso awo.

Inu mukuwerenga, mwina anthu anakuweruzani kale poona kunja kokha, ndipo mwatopa n'kudzifotokoza. Musadzitsekere m'nyumba chifukwa cha manyazi a chinthu chimene simunachite. Ngati thupi likukudabwitsani, pitani mukaunikidwe. Ngati ndi sukulu, bwererani, olo akuseke. Osataya mtima.