Kukapulumutsa Chisula ku Pollokshields

Loweruka m'ma 9 koloko m'mawa tinanyamuka ku Sighthill, komwe timakhala kuno ku Ulaya, ine ndi mwana wanga Tadala, kukapulumutsa chilankhulo. Tadala amaphunzira za zilankhulo ku yunivesite. Anamva zoti Chisula, cha ku zilumba zina za ku Indonesia, chikutha, ndipo mtima unamupweteka kwabasi. Zonsezi anandifotokozera m'Chingerezi, poti Chichewa chake chimathera pa "zikomo". Ine, mayi wake, ulemu wanga unali wonyamula chikwama cha makina ojambulira mawu.

Basi inatitula m'tauni mvula ikuwaza monga mwa masiku onse. Tiyi wa pasiteshoni mtengo wake unkangofanana ndi wa tikiti ya sitima, ngati kuti nayenso akutinyamula. M'sitimamo bambo wina wachikulire, chipewa chili chonyowa, anafunsa ngati ndife oimba.

"Ayi, tikukajambula chilankhulo chomwe chikufa," anatero Tadala monyadira.

"Cha agogo anga chinafera kukhitchini, popanda wojambula," anatero bamboyo, n'kuyamba kuwerenga nyuzipepala yake.

Cha m'ma 11 tinafika ku Pollokshields kwa Bambo Umar, nkhalamba ya ku Sula yomwe imakhala ndi mwana wake Rahma, namwino mnzanga. Anatipatsa chinangwa chophika ndi nsomba ya tsabola. Kuchoka ku Dedza mpaka ku Ulaya kudzadya chinangwa!

Tadala anayamba mafunso. Dzanja mumati chiyani? Nanga madzi? Mwezi? Bambo Umar anayankha mpaka anatopa nazo. Kenako anayang'ana pawindo n'kuyamba kulankhula okha, nthawi yaitali, m'Chisula. Tonse tinatembenukira kwa Rahma.

"Ndangotolapo pang'ono," anatero chapansipansi. "Akukamba za malemu amayi. Akuti ndiwo ankawayankha m'Chisula."

Nkhalamba ija inandiloza, Rahma n'kumasulira: "Akufunsa kuti inuyo mumalankhula naye chilankhulo chanji mwana wanuyu?"

Ndinadzaza chinangwa m'kamwa.

Pobwerera, cha m'ma 3, ndinali nditakonza mawu omunyoza Tadala, katswiri wopulumutsa za eni. Koma ndinakumbukira yemwe analetsa Chichewa m'nyumba mwanayu ali ndi zaka zisanu, ati asakasekedwe kusukulu. Anali ine ndemwe.

"Watopa, mwana wanga?" ndinamufunsa m'Chichewa.

Anandiyang'ana, milomo ikufunafuna.

"Pang'ono, amayi."

Sindinafunsenso china mpaka ku Sighthill. Ndinkaopa kuti mwina mawu ake athera pomwepo.