Duku la Tinenenji

Tinenenji ndimamudziwa bwino, chifukwa nyumba zomwe timagwiramo ntchito ku Jumeirah, kuno kwa Aluya, ndi zogundana mpanda. Kwawo ndi ku Ntcheu, ndipo amalera Anjali, mwana wa amwenye ochokera ku Kerala. Ndi mayi wofatsa, ndipo duku silinkachoka kumutu kwake ngakhale kutenthe chotani. Ine ndinkamuseka kuti kapena amasamba nalo.

Dukulo linkabisa mphini. Tinenenji amadwala mutu waching'alang'ala kuyambira ali namwali, monganso mayi ake. Kumudzi ankati akumulodza ndi azakhali ake, ndiye anamutema mphini mbali zonse ziwiri za mutu. Kuno sanauze abwana. Ankaopa kuti madamu akadziwa anena kuti khalas, basi zatha, wodwala sangasunge mwana, n'kumukweza ndege. Mutu ukamuyamba ankakasanza mwakachetechete, n'kubwerera kukasita zovala atatsinzina diso limodzi.

Ndiye chaka chatha Anjali, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, anayamba kudandaula mutu. Makolo ake ankati ndi ulesi, akuthawa masamu. Zinkandikwiyitsa bwanji! Mwana nkhope yatuwa choncho, inu n'kumati yalla, fulumira, kusukulu? Tinenenji yekha ndi amene anaona kuti mwanayo akuthawa kuwala, ndipo amanena kuti akuona tinthu tothwanima mutu usanayambe.

Tsiku lina masana anachita zomwe ankamuchitira mayi ake. Anatseka makatani, anatenga chitenje, n'kumumanga mwanayo kumutu mokungitsa. Koma anaiwala kuti m'nyumbamo muli kamera. Madamu ali ku ofesi anaona pafoni wantchito akukunga mutu wa mwana wawo mumdima, ndipo anabwera ali lawilawi. Ine ndikuyanika zovala ndinamva chitseko cha galimoto chikumenyedwa, ndinangoti basi, mnzanga wapita.

Anamuuza kuti alongedze. Tinenenji sanachonderere. Anangovula duku n'kuwaonetsa zipsera.

"Madamu, mwana wanu sakunama," anatero. "Matendawa ndimawadziwa, ndawabisa m'nyumba mwanu muno zaka zinayi. Ndichotseni ngati mukufuna, koma mupite naye kuchipatala."

Anapitadi, ndipo Anjali anakakamira kuti anti ake, Tinenenji, nawonso akwere. Zomwe zinachitika kumeneko anandiuza yekha Tinenenji. Dokotala atamuyeza mwanayo anafunsa kuti pabanjapo ndani winanso amadwala mutu wotere. Madamu anati palibe. Apo bwana, bambo ake a Anjali, omwe analinso pomwepo, anayamba kukanda ndevu. Kenaka anaulula kuti masiku aja amati wachedwa ndi misonkhano, amakhala ali gone m'galimoto kuseri kwa nyumba zosungira katundu ku Ras Al Khor, thaulo kumaso. Bambo akenso ankadwala chimodzimodzi, koma m'banja mwawo mwamuna sanena kuti mutu ukundipweteka. Amuna inu!

Dokotala anafotokoza kuti mutu umenewu kawirikawiri umayenda m'magazi, kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana. Anatinso kafukufuku wambiri anachitika pa azungu, ndipo pa anthu a ku Asia akatswiri akufufuzabe kuti mwa zomwe mwana amatengera kwa makolo, chimaputa mutuwu n'chiti. Tinenenji anafunsa kuti nanga a ku Malawi. Dokotala anati nawonso amatengera, ndipo mankhwala ochepetsa ululu alipo. Mnzanga analira pomwepo. Zaka makumi awiri osapatsana moni ndi azakhali, pa mlandu woti sanapalamule. Sabata yomweyo anawaimbira foni.

Za kulongedza palibe anazitchulanso. Anjali ali pa mankhwala, Tinenenji nayenso, ndipo kutchalitchi amabwera tsitsi lili poyera, mphini zonse zikuoneka.

Koma Lachiwiri lapitali mutu unamugwiranso. Ulendo uno sanabise, anangonena. Madamu anazimitsa simbi, anamutsekera makatani kuchipinda kwake, n'kufunsa kuti chitenje chija chili kuti. Anamumanga okha, koma mwamantha, ngati akumanga dzira.

"Kungani, madamu," anatero Tinenenji. "Musaope, kungani ndithu."